Madzi a Bulugamu Asanazizire

Dzulo aneba amawiritsa masamba a bulugamu, ndipo fungo lake linandibwezera ku Chikweo.

Tinalipo ana asanu ndi mmodzi, bambo ali ku Joni. M'mawa amayi ankalima thonje, masana ankapita kokonzekera magule a chipani. Kumeneko sikunali kojomba. Akabwerako ankalowa m'bafa la udzu ndi beseni la madzi otentha a bulugamu, nkudzifunditsa chitenje kumutu.

"Wina asandiitane mpaka madziwa azizire," ankatero.

Ndikasuzumira ndinkawamva akunong'ona. Kusukulu anatiuza kuti onong'ona mobisala ndiwo oukira boma, ndiye ine mtima unali m'mwamba.

Tsiku lina anatulukira amayi apampando a chipani m'dera lathu. "Amako ali kuti?"

Ndinathamanga nkukatchinga khomo la bafa. "Sakunena za boma iyayi!"

Mchemwali wanga anagwetsa chipande. Apampando anandikankhira pambali nkulowa, ine ndikutsatira pambuyo pawo.

Amayi anavundukula chitenje, thukuta lili kamukamu. "Ndikungopumako, mayi. Madzi akadali otentha. Yesani nanu."

Apampando anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula duku, anagwada, nkulowetsa mutu m'chitenjemo. Ndinamva akupuma mozama, kenaka akunong'ona mawu omwe aja a amayi, amene tsopano ndinawamva bwinobwino: "Ndatopa ine."

Usiku wake sindinamenyedwe, koma amayi sanandiyankhule masiku awiri.

Lero ndili ndi ana anga anayi ndi beseni langa. Nawonso amadziwa kuti madzi asanazizire, ine kulibe.