Mumuphunzitse Kuthawa

Dzina loti a Kamphepo anawapatsa ndi ophunzira awo. Munthu wake sankayamba phunziro asanatape fumbi n'kulimwaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, ngakhale tsiku longothira dothi m'machubu. Anyamata ankawayeseza kuseri kwa shedi, iwo akudziwa, koma osalabadira.

Ntchito yawo inali yophunzitsa achinyamata kubwezeretsa nkhalango paphiri lomwe anthu analimeta mpala: kutola njere, kufesa panazale, kuwokera mbande, ndi kulambula njira zotchinga moto chilimwe chikayandikira. Akazi awo ankadandaula kuti anakwatiwa ndi mwamuna woona tsamba lililonse lofota, koma denga lodontha pamutu pake osaliona. Ana analibe, ndiye chikondi chonse chinathera pamitengo ndi pa ana a eni.

Pakamwa pawo sipankachoka mawu awa: "Mbandezi ndi ana anu. Kholo silithawa mwana." Ankawanena mokoma zedi, ndipo ankanyadira akamva ophunzira akuwabwereza.

Wowamvetsetsa kuposa onse anali Mlongoti, mnyamata wamtali, mwana wa mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo. Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito yoyang'anira mbali ya phiri yomwe gulu lake linadzala. Tsiku lina masana moto wochokera m'minda unalumpha njira yolambula. Anzake anataya zozimitsira n'kuliyatsa liwiro. Mlongoti anabwerera kukatchinjiriza timitengo tosamufika n'komwe m'chiuno, ndipo mphepo inatembenuka.

Pamaliro palibe anawaloza chala a Kamphepo. Bola akanatukwanidwa. Mnzake wa malemuyo ndiye anawanong'oneza, osadziwa kuti akuwalasa: "Tinamukoka malaya, aphunzitsi. Iye amvekere, kholo silithawa mwana."

Kuyambira pamenepo mtima wawo unasweka. Ankapitabe kuntchito, koma ankangoloza ndi chala pothirira ndi popalira. Phunziro la moto analisiyira mnzawo. Kunyumba anakwera padenga n'kumata podontha ponse, akazi awo n'kulira poona zimenezo.

Nthawi yolandira ophunzira atsopano itakwana, anaona mayi wosoka uja akulowa pageti la nazale, tepi yoyezera ili m'khosi. Pambuyo pake pankabwera mtsikana wamtali, atavala jombo zomukulira. A Kamphepo anazizindikira jombozo: zinali za Mlongoti.

"Uyu ndi mlongo wake," anatero mayiyo. "Akufuna ntchito ya achimwene ake."

"Pepani mayi, malo adzaza."

"Musandinamize, bambo. Ndadzera kuofesi."

A Kamphepo anagwira mzati wa shedi. "Ndiye apite kwa mphunzitsi wina. Ine ndinakutengerani kale mmodzi. Mawu amene anamubweza m'moto muja anali anga."

"Ndikudziwa. Ankawanena ngakhale pakudya."

"Nanga mukumubweretseranji kwa ine?"

Mayiyo anacheuka kuyang'ana mwana wake, yemwe anali atagwada kale pabedi la mbande n'kumazula udzu popanda womutuma.

"Ndamuletsa, ndalira, ndamubisira jombozo, koma wakanika. Posachedwapa moto utabukanso anathamangira kuphiri ndi chitsamba m'manja, palibe chomwe akudziwa. Mukamukana apitabe. Aphunzitsi enawo amuphunzitsa kukonda mitengo, koma zimenezo anabadwa nazo. Inu nokha ndi amene mwaona mtengo womwe munthu amalipira pa chikondi chimenecho. Mumuphunzitse kuthawa, bambo. Ndatsala ndi yekhayu."

Anatero n'kutembenuka, poti anasiya makina pakhonde popanda wowayang'anira.

A Kamphepo anapukuta misozi yomwe inkatsikira m'ndevu. Kenako anamuitana mtsikanayo n'kumutengera kumapeto kwa nazale, komwe phiri limaonekera lonse, ndi chipsera chake chakuda.

"Ukuiona mitengo yotsalayo, mwanawe?"

"Eya, aphunzitsi. Ndi ya achimwene."

"Ikadzapsa tidzadzala ina," anatero. "Bwereza."

Mtsikanayo anangoti duu, maso ali kuphiri.

"Bwereza, mwana wanga. Chonde."