Kasitomala wa Mikono Isanu ndi Itatu

Pa Santhe panalibe munthu wodziwa malo oyenera amayi kuposa a Jeremiya Kanyenda. Lamulungu lililonse ankaima pakhomo la tchalitchi atavala jekete yakuda, ngakhale dzuwa liswe mtengo, n'kumaloza ndi chala: abambo uku, amayi uko. Ku nazale yawo ya fodya kudambo mkazi sankapondako, ati mbande zimapsa. Anali mkulu wa mpingo, ndipo udindowo ankaumva kukoma.

Masiku ena onse anali telala wa pakhonde pa sitolo ya Mmwenye wina, a Harilal. A Jeremiyawo anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula mapini ali kukamwa. Luso analinalo ndithu. Fodya akagulitsidwa, alimi ankapalasa njinga kuchokera ku Kapelula kudzasoketsa masuti, ndipo aliyense ankauzidwa mawu omwewo: "Telala sasoka thupi limene sanaliyeze."

A Harilal ndi akazi awo, Mayi Kanta, anali Ahindu. Ankakhala kuseri kwa sitolo, ndipo m'nyumbamo munali kachipinda kopemphereramo. M'mawa uliwonse kabelu kankalira, fungo la lubani n'kufika mpaka pakhonde. A Jeremiya ankati za m'menemo alibe nazo ntchito, koma kabeluko kakalira, phazi lawo pa makina linkayamba ulesi.

Chaka china, lamulo loletsa masiketi aafupi litangotuluka kumene, Mayi Kanta anabwera pakhonde atanyamula nsalu yofiira ya m'mphepete mwagolide.

"A Jeremiya, mundisokere chovala. Si changa ayi, ndi cha Amayi."

"Iii, amayi anu afika liti kuchokera ku Indiya?"

"Ali konkuno chikhalire. Amakhala m'chipinda chopemphereramo."

Anawalongosolera kuti Amayiwo ndi chifanizo cha mulungu wawo wamkazi. Chikondwerero chake cha masiku asanu ndi anayi chinali pafupi, koma chovala chakale chinali chitadyedwa ndi njenjete. A Jeremiya anakanda dazi. Mkulu wa mpingo kusokera chifanizo? Komano zala zawo zinali zitayamba kale kusisita nsaluyo, ndipo nsalu yotere anali asanaidulepo chibadwire.

"Chabwino dona," anatero akudzuka. "Tiyeni ndikawayeze."

"Simungalowe. Chipinda tachitsuka kale. Kuyambira lero mpaka chikondwerero chithe, mwamuna salowamo."

"Ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ndikudziwa. Koma ndinu mwamuna."

A Jeremiya anayang'ana kumbuyo ngati pali wina amene akuuzidwa zimenezi. Kenaka analowa m'sitolo kukadandaula kwa mwini nyumba, amene ankayeza misomali pa sikelo.

"Bwana, mwamva zimene akunena a dona?"

"Ndamva. Inenso ndili panja ngati inu nomwe," anayankha a Harilal. "Mwambo umenewu anausiya ndi mayi anga. Kwathu kuli akachisi ena a amayi okhaokha, osamalidwa ndi amayi amasiye. Mwamuna amathera pakhomo. Amati mkazi azitha kuimba ndi kulira pamaso pa mulungu wake popanda mwamuna womuyang'anitsitsa. Kulinso akachisi ena kumene amayi ndiwo salowa, chifukwa mulungu wa kumeneko analumbira kuti sadzakwatira, ndiye safuna kusokonezedwa."

"Eya! Achiwiriwo akudziwa mwambo. Koma oyambawo asokoneza zinthu."

"Kawauzeni a dona," anatero a Harilal, akuwonjezera misomali pa sikelo.

Njira inatsala imodzi. Akazi a Jeremiya, a Malita, amene amuna awo ankawaitana kuti Nankhoma, ankagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo anali bwenzi la Mayi Kanta kuyambira pamene anawathandiza pa uchembere wawo woyamba. Iwowo akanatha kulowa. Madzulo a Jeremiya anayamba ndi kudandaula kaye kuti sanaonepo khomo lokanira mwamuna.

"Simunaonepo?" anafunsa a Malita akupeta ufa wa zitumbuwa. "Nditabereka Lusiya, m'chikuta munalowamo inu? Si paja munkangozungulira kunja ngati tambala wosowa thadzi?"

"Chimenecho n'chikuta, Nankhoma. N'zosiyana."

"Nanga kutsimba, atsikana akamalangizidwa?"

"N'zosiyananso."

"Zonse zokaniza inu n'zosiyana. Patseni tepiyo."

M'mawa mwake a Jeremiya anawaphunzitsa kagwiridwe ka tepi yoyezera ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani: khosi, chifuwa, chiuno, mkono kuchokera paphewa. Pakhomo Mayi Kanta anafunsa a Malita motsitsa mawu ngati asamba m'thupi, ngati sanadye nyama, ndiponso ngati sali kumwezi. A Malita sanadabwe nazo. "Zimenezo n'zodziwika, dona. Kwathunso masiku amenewo sitithira mchere m'ndiwo." Anavula nsapato n'kulowa, chitseko n'kutsekeka.

A Jeremiya anatsala pabwalo pafupi ndi mgolo wa madzi. M'katimo munamveka kabelu, kenaka nyimbo ya chimwenye, kenaka kuseka. Kuyeza kwanji kotenga nthawi chomwechi? Anayenda kukafika pa mtengo wa papaya n'kubwerera. Anakhosomola mokweza. Palibe anawalabadira kupatula galu wa a Harilal, amene anabwera kudzagona pafupi nawo. Nayenso anali wamphongo.

A Malita atatuluka, nkhope ili ngwee, ananena miyeso. Amayiwo anali aatali ngati botolo la mafuta ophikira, chiuno chochepa kwambiri.

"Nanga mikono?"

"Uti? Ilipo isanu ndi itatu."

"Nankhoma, ine ndili pa ntchito."

"Ndawerenga kawiri, abambo. Ndipo akhala pamsana pa chilombo chonga nyalugwe."

A Jeremiya anapukusa mutu. Anaganiza kuti mwina utsi wa lubani wawazunguza akazi awo, kapena amayi awiriwa agwirizana kuti awaseweretse. Anakhala pa makina n'kusoka monga munthu amayenera kusokedwera: kadiresi ka kolala, mabatani kumbuyo, manja awiri. Anakatalikitsa mpaka kubisa mawondo bwinobwino. "A Yufi a chipani akabwera kudzayendera asapeze chifukwa," anauza a Harilal. "Lamulo silinanene kuti kupatula a ku Indiya."

Kadiresiko kanalowa m'nyumba masana. Posakhalitsa kunabuka phwete. Tsiku limenelo kunali kutabwera alamu awo a Mayi Kanta kuchokera ku boma, ndipo anaseka mpaka kutuluka panja kukagwira khoma. Mayi Kanta anafika pakhonde akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo, kadiresi kali m'manja.

"A Jeremiya, n'kokongola zedi. Koma mikono isanu ndi umodzi yotsalayo tiyiike kuti?"

Anawabweretsera chithunzi cha Amayiwo chomwe chinkapachikidwa kuchipinda chogona. A Jeremiya anavala magalasi n'kuwerenga ndi chala. Dzanja lina linagwira lupanga, lina duwa, lina uta. Anawerenganso kuchokera mbali inayo.

"Hm," anatero potsiriza. "Ife mkazi wa mikono iwiri watikwana kale. Kwanuko amuna mumapuma bwanji, bwana?"

"Sitipuma," anayankha a Harilal ali m'sitolo.

Zinapezeka kuti chofunika chinali siketi yokulunga m'chiuno ndi kansalu kofunda kumutu basi. A Jeremiya anaona ngati anyozedwa, ntchito yopanda ngakhale batani! Komabe anakhalira nsalu yotsalayo masana onse, akupinda timakwinya ting'onoting'ono tofanana ngati mano a chipeso, golide yense n'kugwera m'mphepete. A Malita anakaveka, ndipo potuluka anangoti, "Yawakhala." A Jeremiya anafunsa kuti yawakhala bwanji, nanga kumbuyo, nanga makwinya agona kapena aima? A Malita anati zina n'za amayi, ndipo anapita kukayang'ana zitumbuwa zawo.

Nkhani siigona pa Santhe. A Tsoka, mkulu wa mpingo mnzawo amene analinso ndi makina osokera kutsidya kwa msewu, anakaitula kwa abusa kuti a Kanyenda ayamba kuveka mafano. Akulu ampingo anakhala pansi, ndipo a Jeremiya anaimirira kudziteteza.

"Abusa, ine ndasokerapo Asilamu mikanjo. Chaka chatha ndinasokera asisitere a Katolika madiresi atatu. Kodi ndinasanduka sisitere?"

Abusa anabisa pakamwa ndi dzanja. "Funso ndi limodzi, a Kanyenda. M'chipinda chopembedzeramo munalowamo?"

"Sindinalowemo."

"Akunama!" anatero a Tsoka. "Iwowa sasoka thupi limene sanaliyeze. Santhe yense akudziwa."

"Ndikuti sindinalowemo. Anandikaniza."

"Anakukanizani chifukwa chiyani?" anafunsa abusa.

A Jeremiya anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenaka anayankha ndi mawu aang'ono: "Ati ndine mwamuna."

Mkulu wina wokalamba anayamba kuseka mpaka kutsamwa, ena onse n'kutsatira. Mlandu unathera pomwepo, ndi chenjezo loti ulendo wina azifunsa kaye. Koma Lamulungu lotsatira amayi a Mvano ankadutsa pakhomo la tchalitchi akugwada mwaulemu wonse, aliyense n'kunong'ona kuti, "Pepanitu abambo, tamva zoti anakutsekerani panja." A Jeremiya anapitiriza kuloza uku ndi uko, kungoti chala sichinkakweranso m'mwamba ngati kale.

Chaka chilichonse chitatha chimenecho ankasoka chovala chatsopano, a Malita n'kukaveka. Abusa sanafunsidwepo, ndipo nawonso sanafunse.

Mu 1978 boma linalamula kuti Amwenye achoke m'masitolo a kumidzi apite m'mizinda. A Harilal anapeza malo ku Limbe. Tsiku losamuka Mayi Kanta anakhala kutsogolo kwa lole atafukata Amayi aja, okulungidwa m'nsalu yoyera, pamene amuna awo anakwera kumbuyo pamwamba pa matiresi, atagwira chipewa. A Malita analira poyera. A Jeremiya anati fumbi la lole lawalowa m'maso, ngakhale lole inali isanalizidwe n'komwe.

Asananyamuke, Mayi Kanta anapatsa a Malita kachitsamba konunkhira kodzalidwa m'chitini, kamene Ahindu amakalemekeza, nawapempha kuti asakalole kufota. A Jeremiya anasamutsira makina awo pansi pa mtengo wa mbawa pamsika, ndipo anasoka pamenepo mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Kachitsambako ndiwo ankakathirira m'mawa uliwonse, ati kamathamangitsa udzudzu. Kanagwetsa njere, kanamera kuseri kwa khitchini ndi m'mphepete mwa chigafa cha fodya, ndipo ana akafuna kuzula polambula pabwalo, nkhalambayo inkawathamangitsa ndi ndodo.