Masamba a Ndimu

Lero ndathyola tsamba la ndimu, ndipo fungo lake landikumbutsa bambo anga. Ankatafuna masamba amenewa kuti amayi asamve fungo la kachasu.

Tsiku lina, atatha sabata yathunthu osamwa, ananditenga pa njinga kupita ku Boma kukagula khadi la chipani. Pobwerera kwathu ku Manyamula anaima pa nyumba ina yaudzu.

"Ndikangopereka moni, gwira njingayi," anatero.

Ndinaigwira mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unandichokera. Anatuluka akutafuna masamba aja, maso ali pansi.

"Ndapota, mwana wane, usakawauze amama ako."

Tinanyamuka. Njinga inkayenda mokhotakhota, koma ine ndinatsamiritsa tsaya pamsana pawo pofunda, ndikulakalaka kuti kwathu kutalike.