Ndinaveka mkwatibwi mikanda ya m'manda

Inu owerenga, ndikulemba izi ndi manyazi, koma ndaona kuti kukhala chete n'kulakwira anzanga osoka zovala. Ine ndinaveka mwana wa eni ake zinthu za m'manda pa tsiku la chinkhoswe chake. Sindinkadziwa, inde, koma sindinafunsitsenso.

Ndine telala pa Dedza Boma. Ndinakulira pamishoni, bambo anga anali aphunzitsi, ndipo za kumudzi ndinkangozimvera patali. Nditayamba kusoka ndinaona kuti madiresi achizungu akusoka aliyense, tsono ndinafuna njira yangayanga. Ndinayamba kupeta pansalu zizindikiro zija zojambulidwa m'mapanga a ku Chongoni, kusokerera mikanda m'khosi mwa madiresi, ndi kuphatikiza nsalu yakuda ndi yoyera monga ndinkamvera kuti amavalira amayi opita kukachisi. Zithunzi ndinkaziika pafoni, ndipo anthu a ku Lilongwe anayamba kundiimbira. Ankati zovala zanga zili ndi mzimu wa makolo. Mawu amenewo ankanditupitsa mutu.

Chimene chinkandivuta ndi mikanda. Ya m'sitolo imawala ngati switi, aliyense amaona kuti ndi yadzulodzulo. Ine ndinkafuna yakale, yothimbirira, yoti inamwa thukuta la anthu. Amene ankandipezera anali alamu anga a Filipo, amuna a achemwali anga. Iwo ankagulitsa kachewere pa Chimbiya, koma kwawo kunali cha ku Kaphuka, ndipo ankati kumeneko agogo ambiri amangoisunga m'timitsuko, osaigwiritsa ntchito.

Tsiku lina m'nyengo yozizira anafika kushopu kwanga atanyamula kanthu kokulunga m'kansanza. Anamasula ine ndikuona. Inali mikanda yakuda ndi yoyera yolukidwa pamodzi, pakati pake pali chigoba choyera chozungulira, chija akale amati mphande. Chimene chinandikomera koposa n'chakuti pambali pa mphandeyo panamangidwa kamendulo ka Amayi Maria, kofufutika nkhope chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinafunsa kamodzi kokha kumene anaitenga.

"Alamu, inu ntchito yanu n'kusoka," anatero akuseka. "Eni ake sakuifunanso."

Ndinaseka nawo. Fungo la nthaka limene linkamveka m'kansanzako ndinati mwina ndi la mtsuko. Ndinaitsuka ndi sopo, n'kuisunga, kudikira chovala choyenera.

Chovalacho chinapezeka pamene kunabwera Tiyamike, namwino wa pachipatala china cha mishoni, mtsikana waulemu kwambiri. Ankafuna diresi la pachinkhoswe. Anandiuza kuti mnyamata wake ndi wa kumudzi, ndipo apongozi ake ankamuona ngati wa m'tauni wosadziwa mwambo. Ankafuna kuvala chinthu choonetsa kuti nayenso amalemekeza za makolo. Ndinamusokera diresi lakuda la mizere yoyera, ndipo pachifuwa ndinasokerera mikanda ija, mphande pakati, kamendulo pambali. Atadziona pagalasi analengeza misozi. Anandipempha kuti ndidzapite nawo kukamuveka ndekha, ine ndinavomera mosangalala, poganiza kuti ndikapezako makasitomala.

Chinkhoswe chinachitikira kwa amalume ake a mtsikanayo, pabwalo la pakhomo. A kuchimuna anabwera pa lole kuchokera ku Kaphuka, atadzifunditsa zitenje chifukwa cha mphepo. Zonse zinkayenda bwino. Monga mudziwa, mkwatibwi amatuluka atafunditsidwa nsalu pamodzi ndi anzake kuti mwamuna amuzindikire. Mnyamatayo analoza bwino, ankhoswe anavundukula nsalu, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine ndinaima kumbuyo, foni m'manja, ndikujambula ntchito yanga.

Kenaka ndinaona amayi a mnyamatayo, a Nachisale, akudzuka pamphasa. Ankabwera akuvina, nkhope ili mwee, kuti adzakumbatire mpongozi wawo. Atafika pafupi anaima. Manja anali adakali m'mwamba. Anayang'anitsitsa pachifuwa pa Tiyamike, n'kutambasula chala kukhudza kamendulo kaja, kenaka anakuwa kukuwa kumene sindinamveko chibadwire.

"Amayi anga! Mwawafukula amayi anga!"

Anagwa pansi akulira, akutchula dzina la amayi awowo. Oimba analeka, ana anathawira kuseri kwa nyumba. Tiyamike anangoima, akuyang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene walakwa. Achemwali awo a Nachisale anathamangira pomwepo, ndipo nawonso atangoona mikandayo anagwira kumutu n'kuyamba kulira maliro, maliro enieni, pakati pa chinkhoswe.

Atawathira madzi n'kutsitsimuka, a Nachisale anafotokoza. Amayi awo, agogo ake a mkwati, ndiwo ankatsogolera amayi kukachisi popereka nsembe zopempha mvula, ndipo mikandayo ankaivala pa ntchito imeneyo basi. Atabatizidwa muukalamba wawo sanaitaye, koma anamangirirapo mendulo yawo ya ubatizo, n'kulamula kuti akadzamwalira adzapite nayo. Anamwalira chaka cha dzana. A Nachisale ndi manja awo anaikulunga m'kansalu n'kuipereka kwa adzukulu okumba manda kuti akaiike kumutu kwa bokosi.

Anthu onse anatembenukira kwa Tiyamike. Wina anafuula kuti anamwino amagwira mitembo, ameneyu ndi mfiti. Achinyamata a kuchimuna anayamba kuyandikira. Mtsikanayo ankangonena kuti, "Sindikudziwa, amayi, sindikudziwa," akuyesa kuvula diresi pamaso pa anthu, koma zipi inali kumbuyo. Ndinaganiza zothawa, sindinama. Basiketi yanga inali kale m'manja. Koma nditaona mwana wa eni ake akudzikanda pachifuwa ngati pali moto, ndinalowa pakati n'kugwada.

Ndinati diresilo ndasoka ndine, mikanda ndaika ndine, mwanayu sakudziwa kanthu. Amalume a mkwati anandifunsa amene anandipatsa. Ndinadziwa kuti ndikatchula dzina ndapasula banja la achemwali anga, koma ndinalitchula. A kuchimuna anayang'anana. Ankawadziwa a Filipo. Mudzi wawo ndi woyandikana, ndipo pa maliro aja iwo anali mmodzi wa adzukulu amene anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi.

Ndinatulutsa sizasi m'basiketi n'kuyamba kudula ulusi pachifuwa pa Tiyamike, anthu onse akuonerera. Mwangozi ndinamucheka pang'ono pakhungu, iye osamva n'komwe. Ndinali nditasoka molimba kwambiri, monyadira. Nditamaliza ndinapereka mikandayo kwa a Nachisale ndi manja awiri. Sanandiyang'ane. Anaifungatira ngati khanda n'kupita kukakwera lole. Chakudya chonse chimene anaphika chinatsala m'miphika.

A Filipo atawaitanitsa kumudzi sanakane. Anati manda sanafukule. Ali m'dzenje muja, atalandira kansaluko, anangokalowetsa m'thumba la buluku, anthu pamwamba akuimba nyimbo za maliro. Anaululanso kuti sikanali koyamba. Apo m'pamene ndinakumbukira mikanda ina yonse imene anandibweretsera m'mbuyomo. Ina ili m'khosi mwa amayi ena ku Lilongwe, amapita nayo kumaukwati ndi kutchalitchi. Ndinawaimbira amene ndinali ndi manambala awo. Ena anabweza, ena ananditukwana, mmodzi anangodula foni. Mwa imene inabwerayo, yambiri sitikudziwa kuti ndi ya manda ati, popeza a Filipo akuti anaiwala.

Mikanda ya agogo aja anakaikwirira kumutu kwa manda awo, akatekisiti atapemphera, akuluakulu a mudzi atachitanso zawo. Ine sanandilole kufika. Ukwati wa Tiyamike unaimitsidwa. Mnyamata wake ankamufunabe, koma a Nachisale anati nthawi iliyonse akamuona mtsikanayo amaona amayi awo ali m'bokosi. Patapita miyezi, Tiyamike anapempha kuti amusamutsire kuchipatala china kutali. Ndinapita kukapepesa asananyamuke. Anandilandira, anandipatsa mpando, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Amayi, simunamve fungo?"

A Filipo anathawira ku Mozambique. Achemwali anga anatsala okha ndi ana, ndipo mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana kumbali. Amati ndikanatha kunena kuti ndinagula kwa munthu wosamudziwa. Kushopu kwanga anthu amadutsa msangamsanga, ena amati ndi kwa telala wa kumanda. Panopa ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kupinda mabuluku.

Sindikunena kuti tileke kusoka zachikhalidwe chathu, ayi. Ndi zokongola, ndipo ndi zathu. Koma anzanga okonza zovala, chinthu chakale chili ndi mwini wake, wamoyo kapena womwalira. Wina akakubweretserani mkanda, chibangili kapena nsalu ya makolo, musakhutire ndi mawu ake. Pitani mukakhale pansi ndi mwini wakeyo, akuuzeni yekha kuti chinali cha yani, ankachivala liti, ndipo ngati n'chololedwa kuvalidwa pagulu. Akakukanizani, bwererani chimanjamanja, palibe chimene mwataya. Nanunso ogula, funsani telala wanu, musachite naye manyazi. Ine ndinkatchula mizimu ya makolo pofuna kugulitsa madiresi, osadziwa ngakhale dzina la kholo limodzi mwa amene ndinkasoka zinthu zawo. Dzina la agogo aja ndinalimva koyamba mwana wawo akulira ali gone pafumbi.