Mtengo wa Pichesi Kuseri kwa Khitchini

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Fomu 1, ababa atakhalitsa ku Joni moti mng'ono wanga ankawadziwira pa chithunzi basi. Poyamba ankaimba foni pafupipafupi, kenako kuimbako kunayamba kutalikirana. Azimayi a pamjigo sankatibisira mawu. Ankati mwamuna akakhalitsa kumeneko amapeza banja lina n'kuiwala kwawo. Amayi ankangoseka, koma ine zinkandipweteka mumtima.

Kusukulu kwathu kunali makompyuta ochepa, ndipo aphunzitsi a sayansi, a Kamwendo, anayambitsa kalabu yopanga magemu. Anzanga ankalimbirana kupanga kamunthu kodumpha. Ine anandipatsa ntchito yojambula malo amene kamunthuko kazithamangamo. Kujambula kwake kunali kodzaza timabokosi ting'onoting'ono ndi mitundu, kamodzikamodzi, ngati kutunga mikanda.

Ndinasankha kujambula pakwathu, kumapiri a ku Mphunzi, koma cholinga changa sindinauze munthu. Ndinkafuna kuwatumizira ababa chithunzicho osalembapo kanthu, ndione ngati angapazindikire. Mwa makani anga ndinali nditagamula kale kuti akalephera, ndiye kuti azimayi a pamjigo aja ankanena zoona.

Ndinaika udzu wobiriwira kwambiri, thambo la buluu, dzuwa lachikasu pakona ndi mithunzi yakuda bii. Mapiri onse, apafupi ndi akutali omwe, ndinawapatsa mtundu umodzi. Ndinadziona katswiri ndithu. A Kamwendo atatumiza chithunzicho pa foni ya amayi, ndinathamanga kukawaonetsa. Ndinawapeza akusankha mbatatesi zokagulitsa ku Linthipe.

"Kokongola zedi," anatero. "Ndi dziko liti limeneli?"

Ndinakwiya, kenako ndinachita mantha. Ngati munthu wodzuka pamalopo tsiku ndi tsiku sakupadziwa, nanga wa ku Joni? Mayeso anga aja akanawagwetsa ababa opanda mlandu, ine n'kuwada pachabe.

Mawa lake ndinakadandaula kwa a Kamwendo kuti kompyuta yawo ili ndi mitundu yochepa. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kompyuta ndiisiye kuinamizira, chifukwa zomwe ndajambulazo ndi za m'buku la Sitandade 1, pomwe udzu uliwonse ndi wobiriwira. Anandiletsa kugwira kompyuta sabata yonseyo. Ntchito yanga inali kudzuka m'mamawa, kukhala panja n'kumayang'ana basi. Ndinachiona ngati chilango, ndipo ndinapita kunyumba nditatupa.

Unali mwezi wa June, kuzizira kwake kong'amba milomo. Ndinkakhala pachulu nditafunda chitenje cha amayi, manja ali m'khwapa. Tsiku loyamba sindinaone kanthu koma mkwiyo wanga. Masiku otsatira maso anayamba kutseguka. Udzu sunali wobiriwira ayi, unali utauma n'kusanduka wofiirira. Phiri lapafupi linkaoneka miyala yake, la kuseri kwake linali lotuwa, ndipo lakutali linkangotsala pang'ono kusungunukira m'thambo. Chifunga chinkagona kudambo, utsi wa m'khitchini n'kumakwawa pamwamba pa denga ngati nawonso ukuopa kuzizira. Dzuwa likamatuluka linkapaka chikasu mbali imodzi yokha ya nkhokwe. Mbali inayo sinali yakuda monga ndinkaganizira, inali yabuluu pang'ono. Ndinadabwa kuti ndakulira pamalo amene sindinawayang'anepo.

Nditabwerera pa kompyuta ndinafufuta dzuwa la pakona lija. Kuwala konse ndinakuchokeretsa mbali imodzi, mapiri akutali ndinawazimiriritsa, mithunzi ndinaichotsa kuda. Mitundu yochepa yomwe ija inakwana. Kuseri kwa khitchini yathu kuli mtengo wa pichesi, koma umenewo ndinausiya dala chifukwa kamunthu kathu kakafika pamenepo kankasowa m'masamba.

Amayi ataona chithunzi chatsopanocho sanafunsenso za dziko. Anangokoka chitenje n'kufunda mapewa. Tinawatumizira ababa chithunzicho Loweruka masana, ndipo ine ndinakhala pakhonde osafuna ngakhale chakudya. Foni itaitana, amayi anaikweza mawu kuti tonse timve.

"Takondwa, ndiwe wajambula? Mwana iwe wandimvetsa mphepo ya June ndili kuno." Anatero ababa, kenako anapitiriza: "Koma ndiuzeni zoona. Ndani wadula mtengo wanga wa pichesi?"

Amayi anaseka mpaka misozi, akulumbira kuti mtengowo ulipo. Ababa sanakhulupirire mpaka mng'ono wanga anakaima pansi pake, ife n'kumujambula. Ine ndinalowa m'nyumba n'kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu wolemera. Munthu woiwala kwawo sawerenga mitengo ya kuseri kwa khitchini. Patapita nthawi ndinadzamva kuti ntchito inali itawathera, ndipo ankachita manyazi kuimba opanda chabwino chotiuza.

Lero kujambula malo a m'magemu ndiyo ntchito yanga. Ana oyamba kumene akandionetsa udzu wobiriwira ndi mithunzi yakuda, sindiwapatsa mitundu ina, ndimawatuma panja. Ndinazindikira kuti ababa ndinawajambulanso chimodzimodzi, ndi mtundu umodzi wakuda umene ndinautola pamjigo, ndisanawayang'anitsitse. Mtengo uja ndinaubwezera pachithunzi Lolemba lotsatira, ndipo kamunthu kathu kankasowabe m'masamba, koma palibe amene ndinamulola kuuchotsa.