Dothi la Nsomba za Abambo

Ndikukumbukira fungo la dothi lokazinga m'khitchini mwathu ku Chilomoni. Abambo ankadula magalasi ku Chirimba, ndipo chaka china anatolera zidutswa zotsala n'kumata thanki ya nsomba. Sankafuna thanki ya madzi okhaokha ayi. Ankafuna dimba la m'madzi: dothi pansi, mchenga wa kumtsinje pamwamba pake kuti madzi asachite matope, kenako zomera za kudambo. Tinsomba take tinkadikira m'ndowa.

Dothilo anakalikumba pachulu kuphiri. Analisefa ngati ufa, n'kulikazinga pambaula kuti tizilombo tife, n'kulisunga m'chitini pansi pa bedi. Linkanunkhira ngati mvula yoyamba. Ankati adzaliyala likadzakwana, koma chitini chija m'malo modzaza chinkangotsika.

Wakuba ndinkamudziwa. Masana ena ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi atagwada pafupi ndi bedi, akutafuna kachibuma maso atatsinzina. Atandiona anapukuta pakamwa ndi chitenje n'kuika chala pamilomo. Sindinamvetse, koma ndinasunga pakamwa panga, ngakhale ndinali wolongolola wodziwika mzere wonse wa nyumba zathu.

Tsoka lake, ine ndinali katswiri woumba zidole. Loweruka abambo atapeza chitini chili theka, mlandu unagwera ine osazengedwa n'komwe. Anathyola kamtengo ka pichesi, munthu amene anali asanandimenyepo chibadwire.

"Zione, ndiuze zoona. Dothi langa wapita nalo kuti?"

Ndinangoyang'ana zala zakumapazi. Mantha ndinali nawo, koma chinkandiwawa kwambiri n'choti abambo andiyese wakuba. Ndinatambasula dzanja, misozi ili chuchuchu.

"Musiyeni mwanayo, bambo a Zione," anatero amayi ali pakhomo. "Ndadya ndine."

Abambo anatembenukira kwa amayi, kamtengo kali m'mwamba. Kenako anakaponya pansi n'kukhala pamphepete mwa bedi. Ine ndinadzamvetsa nditakula kuti mayi akayamba kulakalaka dothi ndiye kuti ali ndi pakati. Amayi anali atapita padera kawiri ine nditabadwa, choncho ulendo uno ankaopa kutchula, ngakhale kwa mwamuna wawo, kuti mwina mimba iyinso ingathawe.

"Miyezi ingati?" anafunsa abambo motsitsa mawu.

"Inayi."

Abambo anandikokera pachifuwa pawo, malaya akununkha thukuta ndi guluu wa magalasi. Anandipepesa, ine mwana, chinthu chomwe abambo a nthawi imeneyo sankachita. Kenako anatenga chitini chija n'kuchiika m'manja mwa amayi.

Tinsomba tinalowa m'thanki ya mchenga wokhawokha. Zomera anazibzala ndithu, koma zinachita chikasu n'kuyandama chifukwa chosowa chakudya, ndipo anzawo a abambo ankawaseka kuti dimba lakanika. Iwo ankangomwetulira.

Masiku ano dothi la m'thanki amagulitsa m'mapaketi, lochapachapa, ndipo kusikelo amaletsa kudya dothi, amapereka mapiritsi owonjezera magazi. Atsikana anga amalengeza mimba pafoni isanaoneke n'komwe. Sindiwadzudzula, chifukwa mantha amene amayi anasenza okha miyezi inayi sindingawafunire munthu. Ife sitinatchulenso nkhaniyo m'nyumba monse, mpaka m'mawa umene abambo anabwera kuchokera kuchipatala akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja, akukuwa kuyambira kumsewu kuti mwana walira.