Mazira 99 ndi Njinga Yobwereka

Achemwali anga a Lamyai adaphunzira kupalasa njinga ali ndi zaka 58, ndipo sikuti ankafuna. Pakamwa pawo ndi pomwe padawaputira.

Mukawaona m'munda wa mphesa simungaganize kuti pali chowakanika. Agwira ntchito m'munda umodzimodziwo kuseri kwa tawuni ya Pak Chong zaka 26, kudulira kawiri pa chaka, kumangirira nthambi ku mawaya, kupirikitsa mbalame, kukolola mu Febuluwale dzuwa lisanakwere. Mwini munda akafuna kudziwa ngati mphesa zapsa amayamba wayeza shuga ndi kachipangizo kake, kenako amakafunsa a Lamyai, omwe amangotafuna imodzi n'kutchula tsiku. Vinyo wake sadaulawepo chiyambire, amati umanunkha ngati nsanza yonyowa. Koma njinga ndiye ayi. Kwathu ku Buriram njinga idali imodzi, ya bambo, ndipo ana aakazife ntchito yathu idali kuipukuta basi. Ine ndidaphunzira mozemba. Iwo, pokhala mwana womvera, adakula, kukwatiwa, kubereka Namfon, n'kumayenda wapansi kapena kukwezedwa kumbuyo kwa njinga yamoto ya alamu anga a Thongsuk.

Chaka chatha titangomaliza kukolola, alamuwo adagwa pafupi ndi thanki ya madzi, mbali yonse yakumanzere n'kufa. Atagona masiku anayi m'chipatala osagwedeza ndi chala chomwe, achemwali adandiuza kuti ndiwakweze tipite kwa Agogo a Paphiri, mzimu umene anthu kuno amakaupempha zinthu zikavuta.

Msewu wopita ku kachisi wa Agogo umayambira pa malo anga pomwe ndimawotcha nkhuku ndi kusinja papaya, n'kukwera makilomita atatu pakati pa minda ya mphesa. Tidafika, kuyatsa lubani, kugwada. Ine ndinkayembekeza chowinda cha masiku onse, mazira owiritsa, mwina mutu wa nkhumba, chifukwa Agogo ndi zomwe adazolowera kulandira. Ndiye mwatsoka nthawi yomweyo padatulukira gulu la apanjinga a ku Bangkok aja ovala timakabudula tothina, malilime ali panja, wina atatsika n'kukasanza kuseri kwa mtengo. Achemwali adawayang'ana, n'kutembenukira kwa Agogo, n'kunena momveka bwino kuti amuna awo akadzayendanso, iwo adzakwera phirilo pa njinga, mazira 99 ali pa keliyala, phazi osaponda pansi, kukolola kwa chaka chamawa kusanathe.

Potsika ndidalephera kupirira.

"Achemwali, mwati njinga?"

"Ndati njinga."

"Mupalasa ndi miyendo ya ndani? Inutu ndi wilibala yomwe imakugwetsani."

"Iwe Chaluai, mazira okha amapereka ndi amene wataya mphaka. Ine munthu wanga ndimupemphe ndi mazira? Yang'ana msewu."

Pofika Julaye alamu adali atayamba kuyenda ndi ndodo, kuchoka pakhonde kukafika pageti n'kubwerera. Pageti sankadutsa, chifukwa ankachita manyazi kuti anthu aona mwendo ukukhwekhwereza. Komabe kuyenda kudali kuyenda, ndipo tonse tidadziwa kuti Agogo achita mbali yawo. Munthu ukalandira n'kuiwala chowinda, zomwe udalandirazo zimabwerera komwe zidachoka, ndipo achemwali akaganiza zimenezi mpunga unkawakanika kumeza. Ndidawauza kuti ena amapita kukapepesa n'kusintha, mazira kuwonjeza, njinga kuchotsa. Adandiyang'ana ngati ndawauza kuti akabe mphesa za abwana.

Adayamba ndi njinga yanga, madzulo akaweruka, pakati pa mizere ya mphesa pomwe pali udzu wofewa. Ndaona zinthu ine. Munthu amene amadula nthambi osayang'ana n'komwe ankati akakhala pa chishalo amatseka maso. Tsiku lina adatsetsereka mpaka pamalo anga, kuiwala mabuleki, n'kugwetsa mbaula, nkhuku zisanu ndi imodzi zili m'fumbi, agalu a mudzi wonse n'kuchita phwando. Mu Okutobala adang'ambika chibwano, kuwasoka kanayi. Alamu tsiku limenelo adakana chakudya. Ndidawamva akuwauza akazi awo kuti azisiye, bola iwo abwerere pa mkeka kusiyana n'kuika maliro a munthu wofa ndi njinga pa msinkhu umenewu. Achemwali adangoyankha kuti nkhaniyi ndi ya iwo ndi Agogo, ndipo ena asalowererepo.

Chithandizo chidabwera ndi mphepo yozizira. Kuyambira Novembala apanjinga amachuluka, ndipo mwa makasitomala anga muli a Orawan, mphunzitsi wopuma ntchito wa zaka 66, amene amazungulira mapiri ano okha, zikwama ziwiri kumbuyo, n'kumagona m'nyumba za alendo za m'minda. Amadya tsabola kuposa ife eni ake. Nditawafotokozera adaseka mpaka kutsamwa, kenako adapukuta misozi n'kufunsa kuti njingayo ili ndi magiya angati. Nditati ilibe, adasiya kuseka. Sabata yotsatira adabwera pa galimoto ndi njinga yawo yakale, yobiriwira, yopepuka moti ndidainyamula ndi dzanja limodzi.

Adawaphunzitsa masabata asanu. Ankawauza kuti pa chitunda asamayang'ane pamwamba, aziwerenga mizati ya mphesa m'mbali mwa msewu, khumi, kenako khumi ina. Giya azisintha mwendo usanatope, osati utatopa kale. Pa keliyala ankamangapo dengu la mandimu m'malo mwa mazira, ndipo mandimu anga adatha m'njira imeneyo. A Orawan ankawatcha achemwali kuti "mwana wanga wasukulu wa makani", achemwali n'kumati "aphunzitsi" mwaulemu pamaso, koma kumbali ankandinong'oneza kuti mayiyu amuna ake adachita bwino kufa msanga.

Chodabwitsa n'chakuti adayamba kuikonda. Tsiku lina adapita kukagula mchere n'kubwera patatha maola atatu, mchere alibe, nkhope ili mbuu ndi fumbi, akusimba za munda wa mpendadzuwa kuseri kwa phiri lomwe akhala akuliona zaka 26 osadziwa chili kumbuyo kwake. Ndidasangalala kwambiri, ngakhale sindidawauze. Koma phiri la Agogo lidali lisanagonje. Kasanu konse adathera pa khona lomaliza, pomwe msewu umaimirira, phazi pansi, misozi m'maso.

Kudatsala mizere iwiri yokha kuti kukolola kuthe, ndipo mwini munda adati ayisiya mpaka Loweruka, osapitirira. Loweruka m'mawa tidawiritsa mazira, kuwayala m'dengu ndi mankhusu a mpunga. Alamu pakhomo padalibe. Namfon, yemwe adabwera kuchoka ku Korat, adati mwina ali kwa aneba chifukwa safuna kuonerera. Ndidaona kuti achemwali zawalasa mtima.

Adanyamuka seveni koloko, a Orawan kumanja kwawo, ine ndi Namfon kumbuyo pa njinga yamoto. Anzawo okolola adasiya malumo n'kundanda m'mbali mwa msewu, zipewa m'manja, akuwerenga nawo mizati mokweza. Kilomita yoyamba adaimeza. Yachiwiri malaya adamatirira kumsana. Pa khona lija njinga idayamba kupita uku ndi uku, pang'onopang'ono moti galu wokalamba akadawapitirira, ndipo ndidawamva akukalipira Agogo kuti anthu ena amamanga nyumba zawo pachidikha, kenako n'kupepesa msangamsanga. A Orawan adakuwa kuti khumi ina basi. Ine ndidatseka maso, ndili pa chiwongolero, Namfon n'kunditsina.

Nditatsegula adali atadutsa. Adapalasa mpaka pabwalo la kachisi, n'kukumbatira mzati wa mbendera, mapazi akadali pa mapedulo, akuwefuka osatha kuyankhula.

Pa sitepe ya kachisi padakhala alamu a Thongsuk, ndodo pamiyendo, malaya atanyowa ndi thukuta, patapata wakumanzere atatha mbali imodzi.

"Bambo a Namfon, mwabwera ndi ndani kuno?"

"Ndi miyendo yanga. Ndanyamuka tambala atangolira."

Adafotokoza akuyang'ana pansi. Tsiku lomwe achemwali adang'ambika chibwano, iwo adapempha aneba kuti awakweze pa galimoto mobisa, n'kudzawinda chawochawo: mkazi wawo akadzafika pamwamba pano khosi lili lonse, iwo adzakwera phirilo wapansi. Chiyambire tsiku limenelo, akazi awo akapita ku munda, iwo ankayeserera kuyenda pozungulira kuseri kwa nyumba, komwe kulibe maso a anthu.

"Nanga mwakwereranji ine ndisanafike?" achemwali adafunsa. "Chowinda amapereka zinthu zitatheka. Simudziwa mwambo, nkhalamba inu?"

"Ndimaudziwa. Ndinati ndiperekeretu kuti Agogo achite manyazi kukugwetsani."

A Orawan adakhala pansi m'fumbi ndi kuseka. Namfon ankalira ndi foni m'manja, kujambula kumukanika. Achemwali ankachita zonse ziwiri, kuseka ndi kulira, koma mzati sadausiye, ndipo mapazi adakakamira pa mapedulo ngati sakukhulupirira kuti zatha.

Alamu adadzuka okha, popanda wowakoka. Adayenda masitepe asanu ndi imodzi, ndodo ataisiya pansi, n'kugwira handulo ya njinga ndi dzanja lamanzere.

"Tsikani, mayi a Namfon. Ndaigwira."

Achemwali adayang'ana dzanjalo kanthawi, kenako adasiya mzati n'kuponda pansi.